"Yafa imeneyi, alamu": chimene timakangania sizoni yatsopano ikatuluka

Kwa Ngabu mwezi wa Okutobala munthu sagona msanga. Malata amakhala akulavulabe moto wa masana mpaka cha m'ma 11 usiku, ndiye timangoyala mphasa pakhonde, laputopu pampando, wina akukupiza udzudzu ndi nsonga ya chitenje. Usiku wina wotero mlamu wanga, mphunzitsi wa sitandade 5 pasukulu ina ya kuno, anatulukira ndi fulashi yokolekera ku makiyi. Anali atakathiritsa kwa anyamata a pamsika sizoni yachitatu ya Abbott Elementary, sewero loseketsa la aphunzitsi a pasukulu ina ku Philadelphia, ku America. Tinaitsomeka. Gawo loyamba lisanafike ndi pakati pomwe, munthu uja anali ataimirira kale, phazi likufunafuna patapata mumdima.

"Yafa imeneyi, alamu. Mtsikana uja amuchotsa m'kalasi, akukakhala ku maofesi a akuluakulu a maphunziro. Ine ndimaonera chifukwa cha choko ndi phokoso la ana. Nanga pano ndizionera mafaelo?"

Mlongo wake, mayi a kunyumba kwanga, sanachotse n'komwe maso pa laputopu. "Achimwene, takhalani pansi. Mphindi khumi zokha, mwagamula kale mlandu?"

Mkanganowu si wa pakhonde pathu pokha. Aliyense wokonda masewero oseketsa a pantchito, amene eni ake amawatchula kuti sitcom, amaudziwa. Sizoni yatsopano ikatuluka, ena amati zenizeni zinali zakale, ena amati ayi, zikukomabe. Ine chimene ndaona n'chakuti kawirikawiri onse amakhala akunena zoona, kungoti wina wagwira nyanga, wina wagwira mchira. Kuti muione ng'ombe yonse muyenera kudziwa mmene masewerowa amapangidwira, ndi msampha umene olemba ake amadzitchera okha tsiku loyamba.

Mtundu wa seweroli ndi wosavuta kuufotokoza. Mumatenga malo amodzi a ntchito: ofesi yogulitsa mapepala, polisi, sukulu, sitolo yaikulu, bala. Mumaikamo anthu asanu ndi atatu kapena khumi amene sanasankhane, oti akanakumana paukwati sakanakhala benchi imodzi, koma malipiro awamanga pamodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Muli bwana wofuna kukondedwa, kalaliki wosunga miseche yonse, wachinyamata amene akadali ndi mtima woti asintha zinthu, ndi mkhalakale amene waona mabwana asanu akubwera n'kupita. Gawo lililonse, la mphindi pafupifupi 22, limayamba ndi kavuto kakang'ono, kamatupa ngati chithupsa, kamaphulika, mawa lake aliyense ali pampando wake womwe uja.

N'chifukwa chake sizitivuta kuno ngakhale ku Philadelphia sitinapondeko. Amene anadikirapo siginecha ya bwana "amene angotuluka pang'ono, jekete lawo ilo lili pampando" safuna womumasulira. Ndipo nthabwala za anthu osasintha khalidwe si zachilendo kwa ife. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, tinkawaseka zaka ndi zaka chifukwa tinkadziwiratu kuti Izeki akangotsegula pakamwa, zinthu zasokonekera basi. Tinkapita kukamva zimene tinkaziyembekezera, kungoti zavala malaya ena.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Sewero la pantchito limayenda chifukwa anthu ake akanirira, sangachoke. Nthabwala zimatuluka pamenepo: munthu ayenera kumwetulira bwana amene akumunyansa chifukwa kumapeto kwa mwezi kuli lendi. Koma oonera akawazolowera anthuwa amayamba kuwakonda, ndipo munthu ukamukonda umamufunira zabwino. Umafuna akwezedwe, akwatire amene amamukonda, bwana uja aphunzire ulemu. Olemba akamvera, kukanirira kuja kwatha, nthabwala zatha nako. Akakana kumvera, nyimbo imodzi sachezera gule, anthu amatopa. Sizoni yatsopano iliyonse ndi yankho la olemba pa msampha umenewu, ndipo palibe yankho limene lingakondweretse khonde lonse.

Taonani za Jim ndi Pam mu The Office ya ku America, sewero la muofesi yogulitsa mapepala lopangidwa ngati kuti gulu la ojambula likutsatira antchitowo ndi kamera. Jim wogulitsa mapepala, Pam wolandira alendo, mtsikanayo ali pachitomero ndi mwamuna wina wa kosungira katundu. Masizoni atatu oyamba anayenda ndi diso lobera komanso mawu omezedwa. Sizoni yachinayi awiriwa anayamba chibwenzi, mu 2009 sizoni yachisanu ndi chimodzi anakwatirana ku Niagara Falls, oonera anasangalala. Kenako oonera omwewo anayamba kudandaula kuti awiriwa sakukomanso. Nanga akomeranji? Chimene chinkatikhazika pamphasa chinali kudikira, ndipo ndife tomwe tinkakuwa kuti kudikirako kuthe. Abbott Elementary ili panjira yomweyo ndi Janine, mtsikana amene alamu ankanena uja, ndi mphunzitsi mnzake Gregory, amene anazengereza masizoni atatu asanagwirizane.

Pali njira imodzi yothawira msamphawu: kusiya msanga. Angerezi amaidziwa. The Office yoyambirira, imene Ricky Gervais ndi Stephen Merchant analemba n'kuulutsidwa pa BBC kuyambira 2001, inali ndi masizoni awiri a magawo asanu ndi limodzi iliyonse, kenako magawo awiri otsanzikira pa Khirisimasi ya 2003, basi. Fawlty Towers, sewero la pahotela la John Cleese ndi Connie Booth, linali ndi magawo 12 okha, ena mu 1975 ena mu 1979. Palibe amene angati sizoni yachisanu inafooka chifukwa kulibe. Koma ya ku America, imene inasamutsira nkhaniyi ku Scranton, Pennsylvania, inayenda pa kanema wa NBC kuyambira 2005 mpaka 2013, masizoni asanu ndi anayi, magawo 201.

Kusiyanaku si kwa nzeru ayi, ndi kwa ndalama. Makanema akuluakulu a ku America amadya pa malonda otsatsa: mu theka la ola lililonse, mphindi pafupifupi zisanu ndi zitatu ndi za otsatsa, n'chifukwa chake gawo limatsala ndi 22 zija. Chaka chawo cha masewero chimayamba cha mu Sepitembala n'kutha cha mu Meyi, ndipo sewero limene lagwira msika limayenera kubereka magawo 22 kapena kuposa pachaka. Likafika magawo pafupifupi 100 limasanduka ng'ombe ya mkaka, chifukwa limagulitsidwa ku makanema ena oti azilibwereza tsiku ndi tsiku. Masiku ano ogula ndi makampani oonetsa kudzera pa intaneti. Kampani ya Nielsen, imene imawerengera zoonera za anthu a ku America, inapeza kuti mu 2020 anthu anaonera The Office pa Netflix kwa mphindi zoposa 57 biliyoni, patadutsa zaka zisanu ndi ziwiri sewerolo litatha. Ng'ombe yotere ndani angaitsegulire khola chifukwa choti nkhani yafika pamapeto pake? Sizoni yatsopano nthawi zina imabwera osati chifukwa olemba ali ndi chonena, koma chifukwa mkaka ukutulukabe.

Magawo 22 pachaka mutu umodzi sungawasenze. Amalembedwa ndi gulu la olemba okhala m'chipinda chimodzi, kuponyerana nthabwala, kufufuta, kulembanso. Ife timaona nkhope za ochita sewero ndipo timaganiza kuti nkhope zikakhala zomwezo ndiye kuti zonse zili m'malo. Koma kukhitchini ophika amasintha. Olemba aluso akatchuka amapita kukatsegula zawo. Michael Schur anali mmodzi wa olemba The Office; iye ndi Greg Daniels, amene anaibweretsa ku America, anakayambitsa Parks and Recreation, sewero la muofesi ya boma yoona za mapaki, mu 2009, kenako Schur yemweyo ndi Dan Goor anayambitsa Brooklyn Nine-Nine mu 2013. Zili ngati pamalo pamene mumakonda kudya kanyenya wa mbuzi: chikwangwani chomwecho, mbale zomwezo, koma mnyamata amene ankadziwa kuthira mchere anapita kukayamba chiwaya chake ku Bangula. Lilime limazindikira maso asanaone.

Olemba atsopano amabwera atamudziwa munthu wa m'sewero ngati oonera, osati ngati omubala. Amakumbukira chimene anthu ankaseka kwambiri pa iye, n'kuchiwirikiza. Pang'ono ndi pang'ono munthu wathunthu amasanduka khalidwe limodzi loyenda ndi miyendo. Kevin, wa ku akaunti mu The Office, poyamba anali bambo wofatsa, wochedwa kuganiza koma woti ntchito akuigwira. Pofika masizoni omaliza anali ngati mwana wa ku mkaka, mpaka umadabwa kuti mabuku a kampani anamupatsa ndani. Anthu akamati "zafika poonjeza," kawirikawiri amakhala akunena matenda amenewa, ndipo pamenepa ine ndimaima nawo.

Koma amene amati zakale ndiye zinali zabwino afunsidwe kuti zakale zake ziti. Sizoni yoyamba ya The Office ya ku America inali ya magawo asanu ndi limodzi, gawo loyambalo linali pafupifupi kukopera la Angerezi liwu ndi liwu, ndipo bwana Michael Scott anali wankhanza woti umachita manyazi kumuonera. Anthu ambiri sanaikonde. Kuyambira sizoni yachiwiri anamufewetsa: wopusa inde, wolankhula zosayenera inde, koma wosungulumwa, wokondadi antchito ake. Parks and Recreation nayonso inayamba motsimphina ndi magawo asanu ndi limodzi, mwini nkhani Leslie Knope akuoneka ngati mayi wobalalika. Atamusandutsa katswiri pantchito wozunguliridwa ndi anthu osalabada, ndi pamene inagwira moto. Cheers, sewero la m'bala la ku Boston, linayamba mu 1982 lili pafupi ndi kumchira kwenikweni pa chiwerengero cha oonera, koma linakhala masizoni 11 mpaka 1993. Masewerowa anapulumuka chifukwa chosintha kapena kupatsidwa nthawi. Alamu anga akanakhala woweruza nthawi imeneyo, onsewa akanaikidwa m'manda ali ndi mphindi khumi.

Ndiye palinso zochokera kunja kwa chipinda cha olemba. Wochita sewero amatopa, kapena kontirakiti yake imatha. Steve Carell, amene ankasewera ngati bwana Michael Scott, anachoka mu The Office mu 2011, m'sizoni yachisanu ndi chiwiri, seweroli n'kupitirira masizoni ena awiri likusakasaka bwana. Dzenje limene anasiya silinakwiririke, ndipo chifukwa chake n'chomveka: anthu onse a muofesi ija anali atapangidwa kuti aziyankha iye. Mukachotsa mzati wapakati, mitengo ina yonse imakhalapo koma denga limawerama.

Sitiraka nayo imalowa m'nkhani mosaoneka. Mu 2023 olemba masewero ku America ananyanyala ntchito masiku 148, kuyambira mu Meyi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, ochita masewero nawo n'kunyanyala kuyambira Julaye mpaka Novembala. Sizoni yachitatu ya Abbott Elementary, ija inakwiyitsa alamu anga, inatuluka mochedwa mu Febuluwale 2024 ndi magawo 14, pamene yachiwiri inali ndi 22. Nkhani imene ikanayenda mwapang'onopang'ono inayenera kuthamanga. Munthu amene wangolandira fulashi pamsika sauzidwa zimenezi, amangomva kuti chinachake sichili bwino.

Chovuta koposa ndi pamene dziko lenileni lagogoda pachitseko. Brooklyn Nine-Nine ndi sewero la apolisi okondeka, ochita zibwana, a ku New York. Kanema wa Fox analithetsa mu Meyi 2018 litayenda masizoni asanu, oonera anakuwa pa intaneti, NBC n'kulitola nthawi yomweyo. Kenako mu Meyi 2020 George Floyd anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, dziko lonse la America linadzaza m'misewu, ndipo olemba anataya magawo amene anali atalemba kale n'kuyambiranso. Sizoni yomaliza, ya magawo khumi mu 2021, inayamba ndi Rosa Diaz akusiya ntchito ya upolisi. Oonera anagawikana pakati. Ena anati tabwera kudzaseka, osati kudzamva ulaliki. Ena anati simungapitirize kuvina ngati kuti pamudzi palibe maliro. Superstore, sewero la antchito a m'sitolo yaikulu, linakumana ndi zofanana nthawi ya Covid-19, ndipo sizoni yake yomaliza antchito anavala zotchinga kukamwa n'kumalimbana ndi makasitomala olimbirana katundu.

Funso limeneli ife a m'chigwa muno tingaliyankhe bwino kuposa ambiri. Tiyerekeze kuti wina walemba sewero loseketsa la aphunzitsi a pasukulu ina ku Nsanje, layenda bwino masizoni awiri. Kenako kwabwera namondwe wa Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, makalasi asanduka misasa ya anthu othawa madzi, madesiki aunjikidwa pakona, mabanja akugona pansi pa bolodi. Sizoni yotsatira ingayambe ndi mkangano wa amene wamwa tiyi wa ahedi ngati palibe chachitika? Tingaizimitse. Koma itakhalanso misozi yokhayokha, tingaizimitsenso, chifukwa misozi tili nayo kale yathu. Ndipo amene anakhalapo pamsasa amadziwa kuti ngakhale pamenepo anthu amaseka: za mfumu imene dzina lake laoneka kawiri pamndandanda, za tambala amene wina anakana kumusiya pokwera bwato. Sewero labwino limapeza nthabwala za mtundu umenewo, zotuluka m'kati mwa vuto. Superstore inakwanitsa, chifukwa mliri unagwera pantchito yawo yeniyeniyo. Brooklyn Nine-Nine inayesetsa, koma nthawi zina unkachita kumva kuti nthabwala yaimitsidwa kaye kuti wina alankhule mawu ofunika, kenako n'kuyambiranso.

Tisaiwale kuti momwe timaonera kuno si momwe masewerowa anapangidwira kuti azioneredwa. Eni ake amalandira gawo limodzi pasabata, masiku asanu ndi awiri akudutsa, nthabwala ya sabata yatha itaiwalika. Ife, pokhapokha amene ali ndi dishi, timadikira sizoni yonse ifike kwa anyamata a pamsika chifukwa bandulo yoti n'kukopera magawo 22 ikhoza kugula ndiwo za sabata. Ikafika timaimeza usiku uwiri, tikuthamangitsana ndi batire. Ukaonera magawo asanu ndi awiri mondondozana, msoko wonse umaoneka: apa bwana alakwitsa, apa wina ayang'ana kamera, apa agwirizana. Chimene kwa iwo ndi mwambo wa sabata ndi sabata, kwa ife chimamveka kubwereza.

Palinso chiyankhulo. Anyamata amene amamasulira mafilimu m'Chichewa kuti azionetsedwa m'mavidiyo a m'misika amakonda a nkhondo ndi a zibakera, ndipo n'zomveka: chibakera sichisowa womasulira, ndipo pakati pa zibakera pali malo oikapo nthabwala zako. Masewero a pantchitowa amadalira liwu limodzi, kapena chete wa masekondi atatu wina atalankhula zochititsa manyazi. Ambiri a masiku ano alibenso kuseka kwa anthu kojambulidwa kumene kamakuuza kuti apa seka. Sizoni yoyamba nthabwala zake zimakhala za aliyense: bwana, malipiro, chikondi chobisa. Zikamapita patsogolo olemba amayamba kudalira alendo otchuka kwawoko, osewera mpira wa ku America, mayina a andale. Munthu wa ku Philadelphia amakuwa ndi chimwemwe, ife pakhonde timangoyang'anana kuti bambo ameneyu ndani. Kwa ife sizoniyo yafookadi, ngakhale kwa eni ake yafika pachimake.

Chomaliza chimandichititsa manyazi pang'ono. Pamene ndinkayamba kuonera The Office ndinali wamng'ono pantchito, wotumidwa kukagula mandasi, ndipo Michael Scott anali bwana wanga weniweni, kungoti wayera khungu. Ndinkaseka mpaka m'mimba kuwawa. Pano ndili ndi anthu anayi pansi panga. Tsiku lina ndinanena nthabwala pamsonkhano wa m'mawa, onse anaseka nthawi imodzi ngati kwaya, ndipo ndinaona mtsikana wina akuponyera mnzake diso lija, lomwe lija Jim amaponyera kamera. Usiku wake gawo limene ndinkalikonda silinandiseketse. Seweroli silinasinthe ndi liwu limodzi lomwe. Komanso pokumbukira masizoni akale timakumbukira magawo asanu okoma kwambiri mwa makumi asanu, n'kuwaika pasikelo ndi gawo wamba la sabata ino. Sikelo yotero ngakhale ogula thonje sangaiyerekeze.

Ndiye ine sizoni yatsopano ikafika ndimaifunsa zinthu ziwiri zokha, ndipo sindiifunsa lisanadutse gawo lachinayi. Kodi anthuwa akuifunabe ntchitoyi, moti ikatha agona ndi njala kapena mtima wawo usweka? Nanga nthabwala zikutuluka m'ntchito yeniyeniyo, kapena anthuwa angosanduka abwenzi amene amakumana pamalo pamene pali madesiki? Sewero likayamba kutengera antchito ake ku maukwati, ku maulendo a kunyanja, ku maphwando sabata ndi sabata, ndiye kuti muofesi chitsime chaphwa. Mu 2025 Greg Daniels anabwera ndi The Paper, nkhani ya nyuzipepala yomwe ikufa ku Toledo, Ohio, yojambulidwa ndi "gulu lomwe lija" la m'nkhani limene linkajambula antchito a The Office ku Scranton, ndipo Oscar, wa ku akaunti muofesi ija, alimo. M'malo moukitsa ofesi yakale anasankha kupeza anthu ena okanirira pamalo ena, ndipo ine ndikuona kuti imeneyo ndi njira yanzeru kuposa kukama ng'ombe yokalamba.

Pa mafunso awiri aja alamu anga anali ndi mfundo. Janine kunja kwa kalasi analidi ngati nsomba pamchenga, ndipo magawo a ku maofesi aja ndi amene sindiwabwereza. Koma olemba ankadziwa chimene akuchita: ankafuna timusowe m'kalasimo monga mmene anzake ankamusowera, ndipo sizoniyo isanathe anabwerera kusukulu. Alamu sanafike pamenepo usiku umene uja. Anapeza patapata lawo, anakwera njinga, fulashi anaisiya.

Patapita masiku atatu, madzulo, ndinamva belu la njinga pageti. Sanatsike n'komwe.

"Alamu, mlongo wangayu akuti mtsikana uja anabwerera m'kalasi. N'zoona?"

"Anabwerera."

"Gawo lachingati?"

Ndinawauza kuti akaone okha kuyambira pamene anasiyira. Anang'ung'udza, anati ndi nthawi ya mayeso, ali ndi mulu wa makope oti achonge. Kenako anatsamiritsa njinga pamtengo wa nimu n'kufunsa ngati laputopu ili ndi moto.